Ndithandizeni pa za kampani ya Adam Sandler ya Happy Madison

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kagulu ka zisudzo kuno ku Ndirande, ndipo anzanga andituma kuti ndifufuze za Happy Madison, kampani ya mafilimu oseketsa imene Adam Sandler, katswiri wa mafilimu wa ku America, anakhazikitsa mu 1999. Dzinali analipanga polumikiza mitu ya mafilimu ake awiri, Billy Madison ya 1995 ndi Happy Gilmore ya 1996.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti bamboyu sataya anzake. Rob Schneider, David Spade, Kevin James, nkhope zomwezomwezo chaka ndi chaka. Tinaonera filimu yawo ya Grown Ups tili asanu ndi awiri pamphasa, magetsi atazima, laputopu itakhazikidwa pachidebe, ndipo tonse tinaona kuti anthuwa ndi mabwenzi enieni. Koma Blended ya 2014, imene anajambulira ku Sun City ku South Africa, inandiwawa, chifukwa Aafirika ambiri mmenemo ntchito yawo n'kungoimba ndi kuvina.

Ndiye kuyambira pamene Sandler anagwirizana ndi Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, mu 2014, ndi mafilimu ati amene tingaphunzirepo kalembedwe ka nthabwala? Komanso inu amene munatsogolerapo gulu la zisudzo, mumatani kuti muzisewera nawo limodzi kwinaku mukusunga thumba la ndalama, popanda kudana ndi anzanu?