Thandizeni: kachida kopotera ulusi ka Aiberiya akale

Abale anga, amene mumadziwa zoumba kapena kupota ulusi, ndithandizeni.

Ndakhala ndikuwerenga za Aiberiya, anthu amene ankakhala kum'mawa ndi kum'mwera kwa Spain Aroma asanafike. Pamudzi wa La Bastida de les Alcusses, kufupi ndi Moixent, wa zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe, ofukula anapeza tizida tadongo tobowola pakati, timene ankatilowetsa pakamtengo kopotera kuti kazizungulira bwino. Anapezanso zolemera zadongo zomangirira kumunsi kwa ulusi pa chowombera nsalu choimirira. Nsalu ya fulakesi (chomera chopangira ulusi) ya ku Saetabis, komwe lero ndi Xàtiva, inatchuka mpaka ku Roma.

Zinandigwira mtima, ndiye ndinaumba kanga, kangati kachulu, ndi kukawotcha. Koma ndikapota ubweya wa nkhosa, kamtengo kamagwedera ngati gudumu lopindika, ulusi n'kuduka ndisanafike mkono umodzi. Zala zatupa kale.

Kodi vuto ndi bowo losakhala pakati penipeni, kapena kachidako kalemera kwambiri? Nanga fulakesi ndi ubweya zimafuna kulemera kofanana? Ngati agogo anu ankapota thonje ku Chigwa cha Shire, chonde afunseni mmene ankachitira.