Za zotsatira za amayi zija, zatheka

Abale, sabata yatha ndinafunsa kuti nditani poti kuchipatala amakana kundipatsa zotsatira za magazi za amayi chonsecho tikufuna tikaonane ndi dokotala wina. Zikomo inu amene munati ndipite kwa ombudsman wa pachipatala pompo, amene amamva madandaulo a odwala, ndinawapezadi. Anandimvetsera bwinobwino koma anati zotsatirazo mwini wake ndi wodwalayo, ine monga gadiyani sangandipatse popanda chilolezo cha amayi, ndiye Lachitatu ndinawatengera pa kabaza, anadinda chala pa kalata, basi anesi anatulutsa failo. Adokotala analembanso mu helefi pasipoti muja dzina la mankhwala a shuga ndi mlingo wake mooneka bwino, miyezi 4 yonseyi amayi amangomwa osadziwa kuti ndi chani, zimandiwawa kwambiri. Mawa m'mawa tikupita nazo.