Revúboè akadzaza ngalande imabweza madzi: titengere za ku Beira?

Injiniya, Moatize: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tili ndi ngalande yotayira madzi a mvula mu Revúboè, koma mtsinje ukadzaza madziwo amabwerera m'makomo mwa anthu. Abwana akuti tiike zitseko zotchinga madzi ngati za pa mtsinje wa Chiveve ku Beira. Ndalama ndiye zochepa. Zingatheke?

Woyeza malo, Tete: Achimwene, zitseko za Chiveve zimadalira nyanja. Nyanja imaphwa kawiri pa tsiku, akatsegula madzi amatuluka okha. Revúboè alibe ndandanda yotero. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, anadzaza mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mukatseka chitseko mvula ikugwabe, madzi a m'bairro mwanumo apita kuti?

Mayi wa mapulani, Ulongwe: Funso ndi limenelo. Anthu akapita ku Beira amajambula zitseko, osaona kuti mphamvu ya ntchitoyo ndi malo osungiramo madzi. Chiveve anamufukula n'kusiya m'mbali mwake ngati paki, ndipo ku Maraza kuli dziwe lalikulu lomwe madzi amadikiriramo. Namondwe Idai atafika mu Malichi 2019 mphepo inasasula madenga, koma kumene ngalande zinali zitakonzedwa madzi sanachedwe kuphwa. Ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anachita kumanga bwalo la masewera lolowa pansi, Benthemplein, loti lizidzaza dala mvula ikachuluka. Ife madambo tili nawo aulere, koma tikuwadula mapuloti.

Kapitawo, Chingodzi: Amayi mwalasa. Ndiwonjezereko za mchenga. Kachitseko kodzitsekera kokha n'kotchipa, koma mchenga ndi mabotolo zikangotsakamira kamakhala kukamwa yasa. Ngati palibe wolipidwa kuti azifukula mvula isanayambe, musavutike n'kugula.

Injiniya, Moatize: Kumunsi kwa bairro kuli bwalo la mpira lotsika, lopanda DUAT ya munthu (chilolezo cha boma chogwiritsira ntchito malo), loti tingasungiremo madzi. Komatu anyamata adzandidya.

Woyeza malo, Tete: Mpira amasewera kwambiri m'chilimwe. Yambani mwakhala pansi ndi amfumu ndi a komiti ya ngozi zadzidzidzi. Mundipezere pamene madzi a 2022 analekezera pa makoma, ndibwere ndi makina tiyeze ngati bwalolo lili pamwamba pa mzere umenewo. Likakhala pansi, mtsinje udzalidzaza mvula ya m'bairro isanafikemo.

Mayi wa mapulani, Ulongwe: M'mbali mwake mubzale udzu wa vetiva. Ku Quelimane amatchinga gombe ndi mitengo ya m'madzi a mchere, kuno singamere.

Injiniya, Moatize: Zikomo akuluakulu. Zitseko zazikulu ndazichotsa pa pulani. Achimwene, Lachiwiri m'mawa ndidzakutengani pa mlatho wa Samora Machel.