Masikolashipu a masters, ndiyambire pati abale?

Nachisale_22:
Ndithandizeniko. Digiri ndamaliza chaka chatha, mtima uli pa masters koma m'thumba mulibe kalikonse, komanso m'banja mwathu ndine woyamba kufika ku yunivesite ndiye wondiwongolera palibe. Ndimangomva za Chevening, kodi munthu wamba angaipezedi kapena mpaka udziwane ndi akuluakulu?

Mkulu_wa_Zowerengera:
Zodziwana ayi achemwali. Chevening ndi ya boma la UK, masters ya chaka chimodzi, amalipira fizi, tikiti ya ndege ndi ndalama yapamwezi. Vuto lanu ndi loti amafuna mutagwirapo ntchito zaka 2, maola 2,800, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka 2. Amatsegula cha mu Ogasiti. Pakadali pano kagwireni kaye ntchito.

Dotolo_Wamawa:
Onaninso Erasmus Mundus, mumaphunzira m'maiko osachepera awiri ndipo makosi ena safuna kuti munagwirapo ntchito. Palinso DAAD ya ku Germany. Koma ndikuuzeni zomwe zinandigwetsa ine, zonse ndinakonza bwinobwino, nkhani ya chifukwa chomwe ndikufunira kosiyo ndinailemba kanayi mpaka maso kuwawa, kenako alekichala anga kalata yondichitira umboni osatumiza, kuimba foni osayankha, tsiku lotseka nkudutsa ine ndikungoyang'ana. Apempheni kudakali miyezi iwiri, muzikawakumbutsa osachita manyazi.

Mai_aMapasa:
Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti tumizani kangachepe tikupezereni malo, ameneyo ndi wakuba basi. IELTS nayo (mayeso a Chingerezi) musathamangire kulemba, imatha mphamvu pakapita zaka 2.

Nachisale_22:
Zikomo kwambiri nonse. Ya Erasmus ija ndiyang'ana usiku uno bandulo ikalola.