Pulogalamu ya libRadtran ikundichedwetsa pa kafukufuku wa utsi wa mu Blantyre

wa_ku_Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuyeza utsi womwe umakuta mzinda wathu mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yotentha tchire ija, pomwe phiri la Ndirande limaoneka mwachimbuuzi ukaima ku Ginnery Corner. Ndikugwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, ndipo pa pixel iliyonse (kadontho kamodzi ka chithunzi) ndikuyendetsa libRadtran kuti iwerengere mmene kuwala kwa dzuwa kumadutsira mu mpweya. Laputopu imachezera usiku wonse koma osafika patali, magetsi akathima ndiye kuyambiranso. Nditani?

Malume_a_Nyengo: Achimwene, vuto si laputopu. Chithunzi chimodzi cha Sentinel-2, pomwe pixel iliyonse imayimira mamita 10 pansi pano, chili ndi ma pixel oposa 120 miliyoni, simungamalize. Pangani lookup table, tebulo la mayankho owerengeratu. Pa chithunzi chimodzi dzuwa lili pafupifupi pamalo amodzimodzi kwa Blantyre yense, choncho zosintha kwenikweni ndi kuchuluka kwa utsi, chinyezi cha mu mpweya, kawalidwe ka nthaka ndi kukwera kwa malo. Kukwera kwa maloku musakunyozere ayi: Chileka ili pa mamita pafupifupi 780, pamwamba pa Ndirande mpoposa 1,500, mpweya womwe kuwala kukudutsamo si wofanana. Yendetsani libRadtran pa mfundo zosankhidwa zokhazo, zotsalazo muzipeza ndi interpolation, kuyerekeza kuchokera ku mfundo zoyandikana nazo. Njira ya Dark Target ya MODIS, chida cha pa masetilaiti a NASA, imayezanso utsi ndi matebulo otere.

Nachisale_GIS: Ndiwonjezereko. Mwaika ma stream (mbali zomwe kuwala kumalowera powerengera) angati mu DISORT, gawo la libRadtran lowerengera kamwazikidwe ka kuwala? Mukawachepetsa kuchoka pa 32 kufika pa 16, nthawi imatsika kwambiri, osati ndi theka lokha. Sankhaninso reptran coarse, njira yachidule yowerengera kuwala komwe mpweya umayamwa, chifukwa ma band (magawo a mitundu ya kuwala) a Sentinel-2 ndi otambalala. Koma yambani mwayerekeza zotsatira ndi za ma stream ambiri pa tsiku la utsi wochuluka, poti utsi umamwazira kuwala kutsogolo kwambiri ndipo zolakwika zimabisala pamenepo. Nkhani ya magetsiyo, gawo lililonse likatha lizisungidwa mu fayilo yakeyake, ndipo pulogalamu ya GNU parallel igawire ntchito ma core onse a purosesa ya laputopuyo.

wa_ku_Chilomoni: Zikomo malume, zikomo achemwali. Ndinaika 32. Ndiyamba ndi tebuloli usiku uno. Nanga pa kuchuluka kwa utsi nditalikitse mfundo mofanana?

Malume_a_Nyengo: Ayi, zithinanitseni kumunsi, pomwe utsi ndi wochepa, chifukwa masiku ambiri agwera kumeneko. Kumtunda mukhoza kutalikitsa.