Za injini yotentha ija, vuto lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene injini ya boti langa, ya 15 hp, imatenthera, madzi oziziritsa injini otulukira pakabowo kakumbuyo akungodontha m'malo mothamanga. Zikomo achimwene amene munati ndiyambe ndatokosa kabowoko ndi waya. M'kabowomo munatuluka timchenga, koma sizinasinthe kwenikweni.

Loweruka tinamasula giyabokosi, chigawo cha m'munsi cha injini, pagombe ku Senga Bay. Impela, kalabala kamene kamakankhira madzi m'mwamba, mapiko ake awiri anali ataduka, otsalawo atauma gwa ngati chikopa. Kachitsulo kapansi pake kanali ndi mizere yokalidwa ndi mchenga. Chidutswa chimodzi tinachipeza chitatsekera paipi yopita kumutu wa injini, ndipo chikanatsala m'menemo impela yatsopano sikanathandiza.

Wolakwa ndine ndemwe. Ndinazolowera kuliza injini kumtunda kuti ndingoyimva, pomwe labalayo popanda madzi amapsa m'masekondi ochepa. Anyamata nawonso amafika nayo pamchenga ikulira.

Poika impela yatsopano, musataye kakiyi kamene kamaigwirizitsa ku shafiti (chitsulo chachitali chimene chimaizungulitsa), n'kakang'ono zedi, ndipo zungulitsani shafitiyo mmene wotchi imayendera kuti mapiko agonere mbali yoyenera. Usiku wapitawu tapita ku usipa, madzi akutuluka mwamphamvu.