Ndikufuna kukwera phiri la Zomba ndi bambo anga a zaka 78, tidzere njira iti?

Mwana_wa_Mesenjala, Chilomoni:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumalidziwa bwino phiri la Zomba. Bambo anga ali ndi zaka 78. Anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma ku Zomba kuyambira 1968 mpaka 1975, likulu litasamukira ku Lilongwe iwonso anasamuka nalo. Zaka zonse zimenezo ankapalasa njinga m'tsinde mwa phirilo, makalata ali m'chikwama, koma pamwamba sanapondepo. Amati masiku amenewo kumtunda kuja kunkaoneka ngati kwa azungu ndi mabwana, munthu wamba ankakwerako ngati watumidwa kapena wasenza katundu wa eni.

Mayi atatisiya chaka chatha, bambo anabwera kudzakhala nafe kuno. Salankhulalankhula masiku ano. Koma usiku wina mwana wanga wa Sitandade 6 akuloweza mayina a mapiri a m'Malawi, iwo anangoti, "Zomba ine ndimamudziwira pansi pokha." Mawu amenewo sanandichoke mumtima mpaka lero.

Ndiye ndikufuna ndipite nawo, pamodzi ndi ana anga awiri. Galimoto tibwereka kwa achimwene, ndi yaing'ono, yotsika. Bambo amayenda ndi ndodo, bondo lakumanzere limawavuta, koma pamalo osakwera amayenda ola lathunthu osadandaula. Tidzere njira iti? Ku dzenje lija la Chingwe's Hole angakafike? Nanga mwezi wabwino ndi uti? Sindikufuna kuti tikangokhala m'galimoto n'kumasuzumira pawindo. Ndikufuna mapazi awo akaponde dothi la pamwambapo.

Wakumatawale:

Achemwali, pepani ndi maliro a mayi. Ine ndinakulira m'munsi mwa phirili ndipo ndili mnyamata ndinkakwera pafupifupi Loweruka lililonse kukatola nkhuni ndi amalume, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Choyamba, Potato Path muiwale. Ndi njira yachidule yochokera m'tauni kukatulukira kufupi ndi hotela ya Ku Chawe, ndipo dzinalo inalitenga kwa anthu amene ankatsika nayo atasenza mbatata ya kachewere yolimidwa pamwamba kupita nayo kumsika. Ndimaikonda kwambiri, koma ndi chitunda chokhachokha. Tauni ili pa mamita pafupifupi 900, hotela ili cha m'ma 1,500, ndiye werengani nokha. Ine amene ndinazolowera imanditengera ola ndi theka ndili wefuwefu. Ndipo pa bondo la munthu wamkulu choopsa si kukwera ayi, ndi kutsika. Kwerani pa galimoto, msewu wake ndi wa phula mpaka ku hotela. Madala mwina akukumbukira kuti kale misewu inali iwiri, wina wokwerera wina wotsikira, poti inali yopapatiza magalimoto sankatha kupatukirana. Afunseni.

Mukafika pamwamba siyani galimoto, muyambe ndi damu la Mulunguzi. Apa ndi pamene ndikufuna muwatengere bambo mosapupuluma. Madzi onse amene amamwedwa m'tauni ya Zomba amachokera kumtunda kuno, ndiye muwauze kuti mtsinje uja ankauwoloka pa njinga kumunsi, umachokera kumtunda konkuno. M'mbali mwa damu njira ndi yosakwera kwenikweni, pali mthunzi, munthu amatha kukhala pamwala n'kupuma. M'mawa kusanachite mphepo madzi amakhala bata, mitengo yonse kumaonekera m'madzimo.

Kuchoka pa damu, njira imalondola mtsinje womwewo chokwera pang'onopang'ono kukafika pa mathithi a Mandala. Pamenepo bambo akafika, sindikukayika. Kupitirira apo pali malo aja ankawetera nsomba za trout, kenako mathithi a Williams. Amenewa ndiye okoma kuposa, madzi amatsika pamiyala ngati pa masitepe ndipo ana amasambapo, koma ndi ozizira moti mano amachita kugwedezeka. Gawo limeneli lili ndi mizu yambiri yotuluka pamtunda ndi miyala ya ndere. Ndikanakhala ine ndikanawabweza madala pa Mandala, n'kupita nawo ku Williams pa galimoto, chifukwa msewu wafumbi umadutsa chapafupi, n'kungotsika pang'ono wapansi.

Za Chingwe's Hole ndikuuzeni zoona: wapansi ndi ulendo wa tsiku lonse kupita ndi kubwera, kuchokera pa hotela. Kuli mbali ina ya phiri, koyang'ana chigwa cha Shire. Msewu wa kumeneko ndi wa magalimoto okwera, yanuyo ikakhula pansi. Kwa bambo a zaka 78 ine ndikuti ayi. Chimodzimodzi nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yaitali kuposa zonse, mamita 2,087. Imeneyo asiyireni adzukulu akadzakula.

Koma Emperor's View musaisiye. Ngati n'kotheka pezani galimoto lokwera pamwamba pomwepo likakutuleni chapafupi, gawo lomaliza muyende. Dzinali linabwera chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inafikapo mu 1965, yomwe ija ya msewu wa ku Blantyre kwanuko, ndipo ma Rasta amakwerabe kukapemphera pamenepo. Pafupi pake pali Queen's View, pamene anaimapo amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Chimene ndikukutumizirani kumeneko si mayinawo. Ndi chakuti ukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi ako, patsogolo nyanja ya Chilwa ikuchita kung'anima, kukakhala kopanda nkhungu Mulanje uyo. Munthu amene anaizungulira tauni imeneyi pa njinga zaka zisanu ndi ziwiri akaiona yonse kamodzi. Mukawapatse nthawi, musakawafulumizitse ndi zojambula.

Tengani wolondolera njira. Anyamata amakhala pafupi ndi hotela, mugwirizane mtengo musananyamuke. Njira za m'mapaini zimafanana zonse, ndipo akadula mitengo dera lina, njira imene unkaidziwa chaka chatha suizindikiranso.

NamwinoWaUsiku:

Ine ndingowonjezera za nyengo ndi thupi. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, musayerekeze, dothi la kumeneko limaterera ngati sopo. Juni ndi Julayi kuli chiperoni, nkhungu imatha kutseka mwadzidzidzi osaona ngakhale munthu amene ali patsogolo pako, ndipo kuzizira kwake si kwa ku Chilomoni. Ine ndingasankhe Meyi, mathithi akadali ndi madzi ambiri ndipo kumwamba kuli mbee, kapena kumapeto kwa Ogasiti. Okutobala kumakhala utsi wa moto wolusa, Mulanje simungamuone.

Bambo avale nsapato zogwira pansi, osati zakutchalitchi. Juzi, chipewa, tiyi mu fulasiki. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena shuga amwe m'mawa monga mwa nthawi zonse ndipo adye kaye. Akayamba kumva chizungulire kapena kuthina pachifuwa, khalani pansi, ulendo uthere pomwepo. Zakudya musazionetse poyera, anyani a kumeneko saopa munthu.

Mphunzitsi_Wopuma, Domasi:

Mayi, ine ndine wa msinkhu wa bambo anuwo, ndatsala pang'ono. Ndikugwirizana ndi a Wakumatawale pa zambiri, koma pa chinthu chimodzi ndisiyana nawo. Iwo akuti muyambire pamwamba. Ine ndikuti muyambire pansi, ndipo ulendowu ukhale wa masiku awiri.

Mbiri ya bambo anu ili m'tauni. Tsiku loyamba yendani nawo m'misewu ya kumtunda kwa tauni kuja kuli nyumba zakale za boma. Nyumba ya Malamulo yakale ilipo, aphungu ankakumanabe mmenemo mpaka 1994 ngakhale likulu linali litapita kale. Hotela ya Masongola ndi nyumba ija inamangidwa m'zaka za m'ma 1880, mmene ankakhala Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda. Pansi pake pali munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens umene unayamba mu 1891, ndipo Mulunguzi amadutsa mkati mwake. Mmenemo muli njira zabwino kwa munthu wa ndodo, mithunzi ya mitengo ikuluikulu, timilatho. Polowa m'tauni kuchokera ku Blantyre muimenso pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles), chokumbukira amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mukatero simudzafunika wolondolera, bambo ndi amene adzakhale akukulozerani kuti apa panali ofesi yakuti, apa ndinkaimika njinga. Adzukulu amve zimenezo kuchokera pakamwa pa agogo awo. Mawa lake ndiye mukwere, akaone kuchokera kumwamba malo amene adutsamo dzulo.

Za Chingwe's Hole, ndisakubisireni, ine malo amene aja sindiwatenga ngati kokasangalala. Ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ukafika sungadziwe kuti lili pompo mpaka utayandikira. Akuluakulu ankatiuza kuti mafumu akale ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo odwala khate. Ndinapitako kawiri ndi ana a sukulu ndipo ulendo uliwonse ndinkawauza kuti avule zipewa, asaponyemo miyala. Mukapanda kufikako simunataye kanthu pa ulendo wa bambo.

Chimene ndikufuna muwakonzekeretse ndi ichi: phiri silili mmene analisiyira. Iwo akukumbukira Zomba wakuda bii ndi mitengo kuchokera pansi mpaka pamwamba. Lero mbali zambiri ndi zitsa ndi udzu. Macheka, makala, moto chaka ndi chaka. Ine kwathu kuno ndimaona mtsinje wa Domasi mmene umachitira tsopano, mvula ikagwa umabwera wofiira ndi ukali, ikangosiya waphwa. Mayi anga ankasimba za napolo wa mu Disembala 1946, mmene phiri linagumukira madzi n'kukokolola milatho ndi anthu m'tauni, ndipo titaona za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndinakumbuka mawu awo onse. Nkhalango yachilengedwe yatsala m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje, n'chifukwa chake njira ya Mulunguzi imene akuuzaniyo ndi yabwinodi. Koma auzeni bambo asananyamuke, kuti mtima usakawapweteke ali pamwamba.

Wakumatawale:

Aphunzitsi anena zoona, za masiku awirizo sindinaziganize. Ndingoonjeza kuti potsika mudzapeza ana ndi amayi m'mbali mwa msewu akugulitsa sitiroberi ndi timabulosi tachikasu, nthawi yake ikakhala yakwana. Muwagule, ndi anthu a m'midzi yomweyo. Mukatsuke kaye musanawapatse ana.

Mwana_wa_Mesenjala, Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Dzulo madzulo ndinawawerengera bambo mayankho anu onse. Pa za misewu iwiri ija anadumphira ndisanamalize, akuti ankaona magalimoto a mabwana akukhotera kumeneko Lachisanu madzulo. Za mitengo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mibawa ya m'mphepete mwa msewu wa m'tauni ilipobe. Aphunzitsi, ngati mukudziwa ndiyankheni, ndiwauze.

Tagwirizana kuti tipita sabata yachiwiri ya Meyi. Lachisanu tiyenda m'tauni, tigona kwa msuweni wanga ku Chinamwali, Loweruka m'mamawa tikwera: damu, mathithi a Mandala, kenako Emperor's View ngati tapeza galimoto lokwera. Chingwe's Hole tasiya. Bambo apempha chinthu chimodzi chokha, kuti tidutsire kaye ku tchalitchi kumene anakwatitsira ukwati ndi mayi mu 1971. Nsapato ndikawagulira mawa ku Limbe, ayambe kuzizolowera pokwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba yathu.